Lipoti: kufupikitsa tsiku lophika mowa wa masese pakhomo lina ku Mtendere

Lipotili likufotokoza ntchito imene ndinagwira m'miyezi yozizira ya chaka cha 2024 ndi mayi ena achikulire a ku Mtendere, kuno ku Lusaka. Kwawo ndi ku Katete, ndipo mabanja a Achewa a m'komboniyi amawadalira kuti awafululire mowa wa masese pakakhala chinamwali, ukwati kapena mwambo wovundukula chiliza. Mowawo sagulitsa. Eni mwambo amabweretsa unga, chimera ndi malasha, mayiwa n'kuikapo luso lawo. Ine ntchito yanga ndi yolangiza magulu a amayi okonza zakudya ndi zakumwa zapakhomo monga thobwa, munkoyo ndi chiponde, ndipo amene anandiitana ndi mpongozi wawo.

Dandaulo linali la tsiku limodzi lokha mwa masiku 7 a mowawu, tsiku lophika. Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha n'kudzapuma 10 koloko usiku, miyendo itatupa, msana ukuwawa. Malasha nawo anali atavuta. Chilala cha chaka chimenecho, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti ndi ngozi yogwera dziko, chinatsitsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi. Mu March magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku, pofika May anali maola 12, ndipo aliyense anathamangira ku mbaula. Mabanja ena atamva kuchuluka kwa malasha ofunika ankangoti bola tikagule Chibuku ya m'mapaketi. Zimenezi zinkawapweteka mayiwa kuposa msana.

Mmene ankafululira

Amafulula malita pafupifupi 100 nthawi imodzi, ndi makilogalamu 12 a mgaiwa ndi 6 a chimera cha mawere chosakaniza ndi cha mapira, chimene amagula ku Soweto Market ngati achibale sanatumize cha kumudzi. Tsiku loyamba amaphika phala lamadzimadzi, likazizira amathiramo chimera pang'ono n'kulisiya kuti lisase. Tsiku lachitatu ndilo lalikulu: phala losasalo amaliwiritsanso m'diramu yachitsulo yodula pakamwa, atawonjezera unga ndi madzi, kenako amadikira lizizire kuti athire chimera chochuluka. Masiku otsatira mowa umawira wokha, amaukuntha, ndipo umamwedwa tsiku la 7.

Pa tsiku lachitatulo ndinakhala pakhomopo ndi wotchi ndi themomita yakukhitchini, osalankhulapo kanthu. Moto unakolezedwa diramu ili ndi madzi osafika n'komwe pakati, chifukwa mdzukulu anali adakali pamzere kumpopi ndi zigubu. Magetsi akazima mapampu nawo amaima, choncho madzi ankatuluka modontha. Chigubu chilichonse chikafika ankakhuthulira m'diramu, madzi amene anayamba kuchita thovu n'kubwerera mmbuyo. Diramuyo inalibe chivundikiro, inakhala pa njerwa zitatu pabwalo, mphepo ya mu June ikukankhira moto kumbali. Inawira dzuwa litakwera kale. Kenako panali maola pafupifupi 4 akuwiritsa ndi kutakasa ndi mthiko wautali kuti phala lisapserere pansi.

Koma nthawi yochuluka sinathere pamoto. Anaphula cha m'ma 1 koloko masana, ndipo dzuwa likulowa themomita inkasonyezabe madigiri oposa 70 pakati pa diramu. Phala lolimba silizungulira lokha monga achitira madzi. Limayala chikhungu pamwamba, kutentha n'kutsekeredwa m'kati. Mayiwa ankapita n'kuviika chala, kupukusa mutu, kukhalanso pampando. Lamulo limene anaphunzira kwa azakhali awo ndi lakuti chimera chimalowa phala likafunda ngati madzi osambitsira khanda, kumene kuli cha m'ma madigiri 35 mpaka 40. Linafika pamenepo 9 koloko usiku. Mwa maola 18 a tsikulo, pafupifupi 8 anali ongodikira.

Zimene zimachitika m'phala

Chimene ndinaona n'chakuti kudikira kumeneku kunkawononga nthawi komanso mphamvu ya chimera. Mbewu ikamera imapanga maenzaimu amene amasandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo pa mowa ofunika kwambiri ndi awiri. Woyamba amadula sitachi m'zidutswazidutswa, ndiye amene amasungunula phala lolimba kukhala lamadzi. Ameneyu amapirira kutentha mpaka kupitirira pang'ono madigiri 70. Wachiwiri amabenthula shuga amene yisiti amadya, amagwira bwino pakati pa madigiri 55 ndi 65, ndipo akapitirira 70 amafa. Chimera cha mapira chili ndi wachiwiriyu wochepa poyerekeza ndi cha balere chimene amagwiritsa ntchito m'mafakitale a mowa wa m'mabotolo, n'chifukwa chake sichifunika kuchitaya. Pa madigiri 38 onse awiri amagwira ntchito mwaulesi, pamene mabakiteriya osasitsa ndi pamene amakondwa. Mowa umatulukabe, inde, koma mbali ina ya unga imatayidwa m'masese isanasanduke kanthu.

Sitachi ya chimanga nayo siitseguka isanaphikidwe kupitirira madigiri 70, choncho kuwiritsa n'kofunika. Kuno ku Lusaka, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, madzi amawira pa madigiri 96, ndipo zimenezo n'zokwanira. Unga wopera bwino kuchigayo umapsa ola lisanathe. Maola ena atatuwo ankangouluza madzi amene mdzukulu anavutika kutunga, ngakhale pambuyo pake tinaona kuti ankachitanso ntchito ina pa mtundu ndi fungo la mowa.

Nditawafotokozera izi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, mowa suthamangitsidwa. Ukauthamangitsa umakuchititsa manyazi pamaso pa anthu." Ndinawayankha kuti, "Zoona amayi, masiku owira sitiwakhudza ayi. Tikufuna maola amene mumangokhala pampando." Anavomera kuti tiyesere pa mowa wa pakhomo pawo pomwe, osati wa mwambo wa eni ake.

Zimene tinasintha

Zina zinali zosavuta ndipo sizifuna mawu ambiri. Madzi onse amatungidwa dzulo lake, nthawi iliyonse imene afika kumpopi, n'kusungidwa movundikira. Chimera chimaperedwa ndi kuyezedwa dzulo lomwelo. Unga umanyikwa m'madzi ozizira madzulo, kuti m'mawa usachite mibulu. Moto tinausamutsira kuseri kwa khoma n'kutchinga mbali yotsalayo ndi lata lakale.

Kusintha kwenikweni kunali kuphika ndi madzi ochepa. M'malo mowiritsa malita 100, timaphika 60 okha: malita 45 a unga wonyika uja ndi 15 a phala losasa la tsiku loyamba. Malita 40 otsalawo amadikira ali ozizira, ndipo ntchito yawo ndi kuziziritsa. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Malita 60 a madigiri 90 ukawasakaniza ndi malita 40 a madigiri 18, monga amakhalira madzi ogona panja mu June, umapeza pafupifupi madigiri 61. Pamenepo ndi pamene chimera chimafuna. Kudikira kwa maola 8 kunasanduka mphindi 10 zothira ndi kutakasa, ndipo magawo 4 mwa 10 a madzi sanafikenso pamoto.

Malita 60 amakwana m'mapoto awiri akuluakulu a mtundu umene amaphikira pamaliro. Mpongozi anabwereka a gulu lawo la kutchalitchi, okhala ndi zivundikiro zake. Poto aliyense ali ndi mbaula yake, onse amawira nthawi imodzi, ndipo anthu awiri amatha kuphula popanda kuitana anyamata a mumsewu.

Vuto limene mayiwa anaoneratu ndi kulimba. Unga wotsala pa makilogalamu 12 aja m'malita 45 ndi phala loti mthiko uime wokha, ndipo lingapserere pansi lisanawire. Mankhwala ake ali m'chimera momwemo. Timatapa pafupifupi theka la kilogalamu n'kuthira mu unga wonyikawo usanapite pamoto. Kutentha kukamakwera, sitachi imayamba kufufuma cha m'ma madigiri 65 mpaka 72, ndipo nthawi yomweyo enzaimu woyamba uja amakhala ali pachimake, amaidula isanagwirane. Ndinawapatsa mthiko kuti amve okha. Phala linayamba kulemera, mkono n'kuuma, kenako mwadzidzidzi linalekerera, mthiko n'kumayenda mopepuka. Anaseka n'kunena kuti ufiti wa kusukulu ndi woopsa. Pamenepa pali chinthu chimodzi choti munthu asalakwitse: phala losasa lilowe pambuyo, unga utasungunuka kale ndipo watsala pang'ono kuwira. Likalowa poyamba, asidi wake pamodzi ndi kutentha zimafooketsa enzaimuyo asanagwire ntchito, ndipo phala limalimba ndithu.

Likawira timalisiya pamoto mphindi 30 lili lovundikira, tikutakasa mwa apo ndi apo. Kenako timaphula, kukhazika mapoto pa makatoni, kuwafunditsa mabulangete akale ndi masaka kwa mphindi 30 zina. Limapitiriza kupsa popanda lasha ngakhale limodzi, ndipo limatsika lokha kufika cha m'ma 90. Tikatero timakhuthulira m'diramu yapulasitiki yabuluu, imene tathiramo kale madzi ozizira aja kuti pulasitiki isafewe. Timayeza, ndipo zikakhala pakati pa 60 ndi 63 timathira chimera, kutakasa, kuvundikira, kufunditsa, n'kuisiya maola awiri. Nthawi imeneyo amatsuka mapoto, amaphika nsima, amadya atakhala pansi.

Maola awiriwo akatha umapeza madzi otsekemera omata m'zala. Popeza tsopano ndi amadzimadzi, sachedwa kuzizira. Timagawa m'zigubu zoyera za malita 20, kutseka, kuziimika m'mabafa a madzi ozizira n'kumazigwedeza, madzi a m'bafa akafunda timasintha, ofundawo n'kupita kochapira. Pa ola limodzi ndi theka amakhala atatsika kufika madigiri 30.

Nkhani ya yisiti

Apa ndi pamene lamulo la azakhali awo lili ndi nzeru imene themomita siionetsa. Chimera sichibweretsa maenzaimu okha. Pa khungu la mbewu pamakhala yisiti wachilengedwe ndi mabakiteriya, ndipo ndiwo amawiritsa mowa wa kumudzi. Akale ankadikira phala lifunde chabe kuti tamoyo timeneti tisafe. Pa madigiri 60 kwa maola awiri timafa pafupifupi tonse. Munthu atangotengera njira yathu yoziziritsa n'kusiyira pomwepo, angadzuke m'mawa n'kupeza diramu ili zii, yotsekemera ngati thobwa, ndipo ikachedwa choncho imalowedwa ndi zina zosafunika.

Tinachita ziwiri. Choyamba, gawo limodzi mwa magawo 5 a chimera timasunga kuti lilowe pomaliza, pa madigiri 30. Chachiwiri, tsiku loyamba lija mayiwa amapatulako malita pafupifupi 5 a thobwa m'kambiya kawo kakale kochokera ku Katete, kamene sikanatsukidwepo ndi sopo. Dothi la mbiya yotere limasunga yisiti m'timing'alu take. Pofika tsiku lophika kambiyako kamakhala kakuchita thovu ndi kulira pang'onopang'ono ukayandikiza khutu, ndipo timakhuthulira zonse m'diramu. Mafakitale a Chibuku amachita zofanana ndi zimenezi, kungoti iwo amathira yisiti wouma wosankhidwa. Ife tinakana yisiti wa buledi ndi shuga wa m'sitolo, ngakhale aneba ena anatilangiza kuti ndiyo njira yachidule. Mowa wotero umawira usiku umodzi, koma umakhala wopyapyala, wonunkha mandasi, ndipo akuluakulu amaudziwa pa kumwa koyamba.

Diramu yowiritsira siitsekedwa ndi chotsekera chake cholimba. Mpweya wa mowa umafuna potulukira, choncho timaphimba ndi nsalu yoyera n'kumanga ndi mphira. Usiku wa mu June ndi July kuno kumazizira mpaka kutsika madigiri 10, ndiye diramu imagona m'nyumba, pa katoni, itafunda bulangete.

Za ukhondo ndi ziwiya

Kuthira madzi osawiritsa m'phala si nkhani yoseweretsa mu Lusaka. Kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024, imene inachedwetsa kutsegulira sukulu ndi kusandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, inali idakali m'maganizo mwa aliyense. Pansi pa mzindawu pali miyala ya laimu yokhala ndi mphako, ndipo zochokera m'zimbudzi zokumba zimalowa mosavuta m'zitsime zosazama. Tinagwirizana kuti madzi oziziritsira akhale a pampopi basi. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti madziwo amakhala maola awiri pa madigiri 60 m'phala la asidi, ndipo kachilombo ka kolera sikapirira zimenezo. Koma ikadutsa nthawi imeneyi, madzi osawiritsa salowanso m'mowa, kaya ndi otsukuluzira khuntho kaya ndi ayezi wogula pamsewu. N'chifukwa chake kuziziritsa kwachiwiri timachitira kunja kwa chigubu.

Diramu yachitsulo tinaipumitsa, ndipo sindinadandaule. Mowa wosasa umadya chitsulo, ndipo madokotala a kuno kummwera kwa Africa anaona kalekale kuti anthu omwa kwambiri mowa wofululidwa m'madiramu otere amadzaza ayironi m'chiwindi. Ndowa za malata onyezimira ndiye zosayenera n'komwe, chifukwa asidi amasungunula zinki. Diramu yabuluu nayo inayenera kukhala yodziwika kuti munali chakudya, osati mankhwala, ndipo mpongozi anatenga nthawi kuifufuza.

Chimera tinayamba kuchiyang'anitsitsa pogula. Chabwino chimanunkhira motsekemera, chimathyoka kuti thyo ukachiluma, ndipo timizu take ndi touma. Cha nkhungu yobiriwira kapena yakuda timachisiya ngakhale chitsike mtengo bwanji, popeza poizoni wa aflatoxin saphedwa ndi kuwiritsa. Mu August chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo utalengeza kuti poizoniyu wapezeka wochuluka mu unga wina wa m'masitolo, ndiponso kuti agalu pafupifupi 400 afa, mayiwa sanafunenso kuuzidwa kawiri.

Zotsatira

Tsiku lophika tsopano limayamba 6 koloko m'mawa. Mapoto amawira isanakwane 8, chimera chimalowa cha m'ma 9, ndipo pofika 1 koloko masana diramu imakhala itaphimbidwa m'nyumba. Thumba la malasha limene linkathera tsiku limodzi linatsalako pafupifupi theka. Masese otsala pokuntha anali ochepa ndi okhakhala, opanda phala lomata, umboni wakuti unga wambiri unalowa m'mowa.

Koma mowa woyamba sunali wofanana ndi wakale, ndipo sindibisa. Unapsa msanga, tsiku lachisanu unali utafika kale, moti pofika la 7 unali utayamba kuluma. Zimenezi n'zomveka: shuga anali wokonzeka kale ndipo yisiti analowa ali wamphamvu. Tinangosuntha ndondomeko, mowa wa Loweruka kuphika Lachinayi m'malo mwa Lachiwiri. Unalinso waukali kuposa wakale, choncho ndinawachenjeza kuti aziuza operekera kuti chipanda chisamayende mothamanga.

Dandaulo lalikulu linachokera kwa alamu awo, bambo achikulire amene amayamba kulawa mowa uliwonse wa pakhomopo. Anamwa, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Mlamu, mowa ndi wabwino, koma ndi wa m'tauni." Ankanena zoona. Unali woyererako, wopanda kafungo ka utsi ndi kakupsa kamene kamabwera phala likakhala maola ambiri pamoto n'kumamatirira m'mbali mwa diramu. Maola atatu amene ine ndinawaona ngati otayika ndiwo ankapereka mtundu wofiirira uja. Mayiwa anapeza okha njira. Dzulo la tsiku lophika amakazinga makilogalamu awiri a ungawo mu chiwaya chouma, akutakasa mpaka ufiire n'kununkhira, ndipo phala losasa lija amaliwiritsa palokha kwa nthawi yaitali pa kambaula kakang'ono madzulo, pa moto wotsala pophika nsima. Malita 15 safuna malasha ambiri. Mtundu unabwerera. Fungo la utsi linabwerako pang'ono chabe, chifukwa kale ankasakaniza malasha ndi nkhuni, ndipo ine sindinaone chifukwa chobwezeretsa utsi m'maso mwa munthu wa zaka zawo. Alamuwo amanenabe kuti wakale unali ndi mtima. Ine ndikuganiza kuti kusiyana kumene kwatsala n'kochepa, koma si ine womwa wamkulu pakhomopo.

Themomita anaikana. Imakhala ndi mpongozi, ndipo mayiwa amaviikabe chala, kungoti tsopano anachiphunzitsa muyezo watsopano: akatha kuwerenga mpaka 3 chala chili m'phala asanachichotse, ndiye kuti chimera chilowe. Titayerekeza ndi themomita sankaphonya kwambiri. Komabe ndinapempha mpongozi kuti aziyeza nthawi zonse, chifukwa khungu la munthu amene wakhala akugwira mapoto otentha moyo wake wonse silimva mofanana ndi la wina, ndipo madigiri 8 owonjezera ndi okwanira kupha chimera chonse.

Zotsala

Masamu a malita 60 ndi 40 ndi a nyengo yozizira. Mu October, pamene masana kumapitirira madigiri 30 ndipo madzi ogona m'diramu amafika cha m'ma 25, kusakaniza komweko kumapereka pafupifupi 64, pamalire penipeni. Ndinawalembera pakhoma la khitchini kuti nthawi imeneyo phala lipume mphindi 20 losafunditsa asanalikhuthule, kapena madzi ozizira akhale malita 45. Kuziziritsa kwachiwiri kudzatenganso nthawi yaitali m'mwezi umenewo, ndipo phala losasa lidzafika msanga, mwina usiku umodzi, choncho tsiku loyamba ndi tsiku lophika zidzayandikana.

Ntchito yotopetsa imene yatsala ndi kukuntha. Malita 100 kudutsa m'khuntho la manja ndi theka la tsiku kwa anthu awiri, ndipo zikhatho za mayiwa zimatupa ndi kufinya. Mdzukulu, amene akuphunzira ukalipentala, akukhoma kachimango ka matabwa kokhala pakamwa pa diramu, koti thumba loyera la nsalu lizikhala pakati pa matabwa awiri, munthu n'kumangotsindira ndi mtengo wautali. Chimene tikuyang'ana ndi kukula kwa maso a nsaluyo. Ikakhala yothina kwambiri mowa udzatuluka wopanda thupi, ndipo mayiwa anena kale kuti adzayamba ayesa pa malita 20 okha.